Pulogalamu ikakana kutseguka, eni ake n'kukhala zii

Mwalemba dzina la pulogalamu pa terminal, zenera lolembamo malamulo a kompyuta, mwadina Enter, koma m'malo moti itseguke pangotuluka mzere umodzi: `error while loading shared libraries: libssl.so.1.1: cannot open shared object file`. Mukupita kumene polojekitiyo imalandirira madandaulo, mukupeza kuti wina analemba kale za vuto lomweli miyezi yambiri yapitayo. Pansi pake anthu angondandana, aliyense akuti "inenso", koma osamalira pulogalamuyo sanayankhe kanthu.

Apa pali mavuto awiri, ndipo si bwino kuwasakaniza. Loyamba lili pa kompyuta yanu, ndipo kawirikawiri mukhoza kuthana nalo lero lomwe. Lachiwiri lili pa nthawi ya munthu wina amene amagwira ntchitoyi mongodzipereka, madzulo akaweruka kwina. Limenelo silitha ndi mkwiyo. Chimene inu mungachite n'kupeputsa ntchitoyo mpaka ifike poti munthu wotopa angaimalize madzulo amodzi.

Palibe pulogalamu imene imadzichitira zonse yokha. Ikafuna kubisa uthenga pa intaneti imabwereka OpenSSL, ikafuna kufinya fayilo imabwereka zlib. Zobwerekazi ndi zimene amati ma dependency, ndipo zambiri mwa izo ndi malaibulale, code yokonzedwa kale imene mapulogalamu ambiri amagawana. Phukusi lililonse, kutanthauza pulogalamu yomangidwa pamodzi kuti iikidwe, limabwera ndi mndandanda wa zimene limadalira, ndipo zida zoikira maphukusi monga apt, dnf, pip kapena npm zimawerenga mndandandawo n'kukoka zonsezo m'nkhokwe, malo a pa intaneti osungira maphukusi. Mndandanda ukaperewera, kapena chimodzi chikachotsedwa m'nkhokwemo, zonse zotsamira pamenepo zimagwa. Mu Malichi 2016 Azer Koçulu anachotsa maphukusi ake pa npm, kuphatikizapo left-pad, kaphukusi ka mizere 11 yokha. Mapolojekiti akuluakulu ngati Babel anakanika kuikidwa mpaka a npm atakabwezeretsa.

1. Werengani uthengawo modekha

Ambirife tikaona mizere yambirimbiri ya Chingerezi timangothamangira womaliza. Pochita compile, kutanthauza kusandutsa code kukhala pulogalamu yoyenda, womalizawo umangonena kuti zakanika, chifukwa chake chimakhala pamwamba. Kwerani mpaka pamene cholakwika choyamba chatchulidwa. Python ndiye imachita mosiyana, imaika chifukwacho pansi penipeni. Kopani mawuwo momwe alili, muwasunge m'fayilo. Musangojambula sikirini, pakuti mawu a pachithunzi safufuzika, ndipo muwafuna posachedwa.

Kenako onani kuti zakanika pa nthawi iti. Ngati ndi poika, apt imati `The following packages have unmet dependencies`, kutanthauza kuti zimene zili m'nkhokwe zanu sizikugwirizana. Ngati ndi pochita compile, mungaone `fatal error: openssl/ssl.h: No such file or directory`. Pamenepo laibulale ilipo, chasowa ndi mafayilo ake a header, amene Debian ndi Ubuntu amawaika m'maphukusi othera ndi `-dev`, pamene Fedora amati `-devel`. Ikani `libssl-dev` kapena `openssl-devel`, nkhani yatha, palibe wolakwa. Koma ngati pulogalamu inaikidwa bwinobwino n'kudzakana potsegula, ikulira fayilo ya `.so` kapena ikuti `ModuleNotFoundError`, ndiye pakufunika kufufuza.

2. Pezani phukusi limene lili ndi chosowacho

Musanaimbe mlandu aliyense, lembani `sudo apt update`. Mndandanda wa pa kompyuta yanu ukakalamba, apt imafunafuna ma version amene anachotsedwa kale m'nkhokwe. Ngati kuika kwina kunadukira panjira, `sudo apt --fix-broken install` imamaliza zotsalazo.

Zikakanikabe, `ldd /usr/bin/dzina` imandandalika malaibulale onse amene pulogalamuyo ikufuna, ndipo osowawo imawalemba `not found`. Pulogalamu imene mwaitola kumalo okayikitsa muiunike ndi `readelf -d`, chifukwa ldd nthawi zina imatha kuyendetsa code ya pulogalamuyo. Mukadziwa dzina la fayilo, funsani kuti ili m'phukusi liti: `apt-file search libssl.so` pa Debian ndi Ubuntu, `dnf provides '*/libssl.so*'` pa Fedora, `pacman -F` pa Arch.

Mwina mupeza kuti fayiloyo ili m'phukusi limene silinaikidwe. Liikeni, pulogalamu itseguka. Koma lembani dzina la phukusilo penapake, chifukwa n'kutheka kuti mwapeza dependency yoiwalika. Tsimikizani ndi `apt-cache depends dzina`. Debian imasiyanitsa Depends, zimene pulogalamu singayende popanda izo, ndi Recommends komanso Suggests. Amene amaika ndi `--no-install-recommends`, monga ambiri amachitira m'makontena (malo otchingidwa oyendetseramo pulogalamu payokha), amadzichotsera okha zinthu zina, ndipo limenelo si vuto la wokonza phukusi.

Mwinanso laibulaleyo ilipo koma nambala yasintha: pulogalamu ikufuna `libssl.so.1.1`, kompyuta ili ndi `libssl.so.3`. Zimenezi zinagwera anthu ambiri Ubuntu 22.04 itabwera ndi OpenSSL 3.0, mapulogalamu opangidwira version yakale akufunabe yakaleyo. Kapena chinthucho chinachotsedweratu. Python 2 inasiya kusamalidwa pa 1 Januwale 2020 ndipo ma distro, mitundu ya Linux ngati Debian, Ubuntu ndi Fedora, anakhala akuichotsa pang'onopang'ono. Python 3.12, imene inatuluka mu 2023, inachotsa distutils, n'chifukwa chake mapulogalamu akale ambiri amalira kuti `No module named 'distutils'`.

3. Njira zachidule zimene zimawononga

Pano ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amasandutsa vuto la pulogalamu imodzi kukhala vuto la kompyuta yonse.

Mudzaona ena akulangiza kuti mupange symlink, fayilo ya `libssl.so.3` muipatse dzina lina la `libssl.so.1.1`. Musatero. Nambala ija sanaikirepo kukongoletsa. Imasintha pamene laibulale yasintha momwe imalumikizirana ndi mapulogalamu. Mukainamiza pulogalamu, mwamwayi imakana pomwepo. Mwatsoka imatseguka, inu n'kumayesa zatheka, kenako idzagwa ili pakati pa ntchito, ndi uthenga umene palibe angaumvetse.

Ena amati tengani phukusi la `libssl1.1` kuchokera ku Ubuntu yakale, muliike ndi dzanja. Kuopsa kwa njira imeneyi n'kwakuti imagwiradi ntchito. Pulogalamu imatseguka, munthu amaiwala. Koma phukusi loikidwa chonchi silikhala m'nkhokwe iliyonse imene kompyuta yanu imayang'ana, choncho silidzalandiranso update. A OpenSSL anasiya kutulutsa zokonza zaulere za 1.1.1 mu Seputembala 2023. Laibulale imene ntchito yake ndi kuteteza uthenga wanu imangokhala pamenepo, mabowo ake akudziwika kwa aliyense wofuna kulowa.

Kusakaniza nkhokwe nakonso n'chimodzimodzi: Debian stable (yokhazikika), pang'ono za testing (imene ikuyesedwabe), pang'ono za Ubuntu. A Debian eni ake anachipatsa dzina chinthu chotere, amati FrankenDebian. Phukusi limodzi latsopano limakoka glibc yatsopano, laibulale imene pafupifupi mapulogalamu onse amadalira, imeneyo n'kukoka zinzake, ndipo kubwerera m'mbuyo kumavuta kwambiri.

`sudo pip install` imalemba pamwamba pa malaibulale a Python amene kompyuta yeniyeniyo imadalira. Kuyambira Debian 12 ndi Ubuntu 23.04, pip imakana n'kunena kuti `externally-managed-environment`. Njira yoikakamiza ilipo, koma dzina lake lokha likuchenjeza: `--break-system-packages`.

Ndipo nthawi zonse, musanadine Y, werengani zimene apt ikuti ichotsa. Pa Ubuntu 22.04 mafayilo ambiri a AppImage, mapulogalamu obwera m'fayilo imodzi, ankakana chifukwa chosowa `libfuse.so.2`. Chofunika chinali phukusi la `libfuse2`. Amene analemba `fuse` m'malo mwake, apt inawachotsera `fuse3` pamodzi ndi maphukusi ena a desktop odalira pamenepo. Kusiyana kwa zilembo zochepa chabe. Lamulo la `apt install -s dzina` limakuonetsani zonse zimene zichitike popanda kusintha kalikonse, ndipo ine sindiika phukusi lachilendo ndisanaliyese chonchi.

4. Imangireni mpanda wakewake

Pulogalamu yofuna zakale ipatseni zakalezo pamalo pake payokha, zisakhudze zina. Ya Python, lembani `python3 -m venv malo`, kenako `source malo/bin/activate`, n'kuika zonse mmenemo. Vuto la distutils lija nthawi zambiri limatha ndi `pip install setuptools` m'kati mwa venv. Yofuna malaibulale a distro yakale, iyendetseni m'kontena ya Podman kapena Docker yokhala ndi distro imeneyo. Yang'ananinso ngati ilipo ya Flatpak, poti imeneyo imayenda ndi malaibulale ake. Pa Debian stable, nkhokwe ya backports imakhala ndi ma version atsopano opangidwira stable yomweyo, ndipo imeneyi si kusakaniza koopsa kuja.

Ngati version yatsopano ndiyo yabweretsa vuto, bwererani ku imene inkayenda, muikhomerere ndi `apt-mark hold dzina`. Mu polojekiti yanu, fayilo ngati `package-lock.json` kapena `Cargo.lock` imasunga ma version enieni amene munayesa, ndipo pa npm, `npm ci` imaika omwewo osasintha.

Dziwani kuti mpanda suchiza laibulale yakale. Umangoteteza zoyandikana nazo. Pulogalamu yotere isayang'ane pa intaneti ngati n'kotheka. Lembaninso penapake chimene mwachita, tsiku lake ndi chifukwa chake, chifukwa pakapita miyezi sikisi simudzakumbukira kuti phukusi lija munalikhomereranji.

5. Vutoli ndi la ndani?

Pulogalamu imadutsa m'manja mwa magulu awiri. Pali akugwero, amene amalemba code, ndipo pali okonza maphukusi a Debian, Fedora kapena Arch, amene amaitenga n'kuimanga m'phukusi. Dependency yoiwalika m'phukusi la distro ndi ya wokonza phukusi. Kukainena kugwero n'kugogoda pakhomo lolakwika. Pa Debian gwiritsani ntchito `reportbug`, pa Ubuntu `ubuntu-bug`, pa Fedora Bugzilla. Ku Debian, kuiwala dependency yofunikira kumatengedwa ngati kuphwanya malamulo a maphukusi, ndipo lipoti lotere limaikidwa pa mlingo wa serious.

Nthawi zambiri zimene timayesa kuchedwa zimakhala kuti kugwero anakonza kalekale. Debian imatulutsa stable pafupifupi zaka ziwiri zilizonse, ndipo pakatipo amalowetsamo zokonza za chitetezo ndi za mavuto aakulu okha. Amatero mwadala, kuti seva yanu isamasinthe khalidwe usiku. Choncho yerekezani version yanu, ndi `apt-cache policy dzina`, ndi yatsopano ya kugwero. Werengani changelog. Fufuzaninso m'madandaulo otsekedwa, osati otseguka okha. Mwina chigamba, kusintha kokonza vutolo, chinalowa kale mu code koma sanatulutse version yatsopano. Mukachipeza, ikani ulalo wake m'lipoti lanu kwa wokonza phukusi, ndipo mwamuchepetsera ntchito yaikulu.

6. Lembani lipoti loti munthu angalikonze madzulo amodzi

Chaka china ndinkadalira kapulogalamu kosandutsa zolemba kukhala PDF, kosamalidwa ndi munthu mmodzi. Pa makina atsopano kankagwa kasanayambe n'komwe. Dandaulo linalipo kale, litakhala pafupifupi chaka, anthu akungowonjezerapo madandaulo. Mwini wake anali atayankhapo kamodzi kuti kwa iye kakuyenda bwino. Ndinatsegula kontena yopanda kanthu, n'kuika kapulogalamuko kokha, n'kukayendetsa. Kanagwa. Nditaunika ndi ldd, panali mzere umodzi wa `not found`, laibulale ya ma font imene sinalembedwe pa mndandanda. Kwa mwini wakeyo laibulaleyo inalipo kale, itakokedwa ndi pulogalamu ina, ndiye vutolo analibe poliona. Ndinatumiza malamulo anayi amene ndinalemba m'kontenamo, pamodzi ndi chigamba cha mzere umodzi. Patatha milungu iwiri anachilandira.

Kuyambira pamenepo ndimakhulupirira kuti malipoti ambiri amagona chifukwa wosamalira sangathe kuliona vutolo ndi maso ake. Ntchito yanu ndi kulibweretsa pamaso pake.

Mutu wa lipoti unene chimene chikuchitika, monga "version 2.4 ikugwa potsegula pa Debian 12, ikusowa laibulale yakuti". Mutu woti "sizikugwira ntchito" suthandiza munthu. M'kati mwake lembani version ya pulogalamu, distro yanu, ndi momwe munaiikira, kaya ndi apt, pip, Flatpak kapena compile. Ndandalikani malamulo enieni amene munthu angakope n'kuliona vutolo pa makina opanda kanthu, ndipo chotsanimo chilichonse chosafunika. Nenani chimene mumayembekezera ndi chimene chinachitika. Matani uthenga uja munasunga. Musanatumize, fufutanimo mapasiwedi, ma token ndi ma adiresi a maseva anu. Zimene mukungoganiza zilembeni padera, muzitchule kuti ndi maganizo. Lipoti limodzi likhale la vuto limodzi.

Ngati kale zinkayenda, pali chida chimene ndimachikonda kwambiri, `git bisect`. Mumaiuza commit (kusintha kumodzi kosungidwa m'mbiri ya code) imene inali bwino ndi imene yawonongeka. Iyo imakupatsani ya pakati, inu mumayesa n'kunena `good` kapena `bad`, n'kumadula theka nthawi iliyonse. Ngakhale pakati pakhale ma commit 1,000, mumayesa pafupifupi maulendo 10 okha. Lipoti lotchula commit yeniyeni imene inabweretsa vuto silichedwa kuyankhidwa, ndipo kuchita zimenezi sikulira kuti mudziwe kulemba code.

Vuto la chitetezo lokha musalilembe poyera. Yang'anani fayilo ya `SECURITY.md` kapena adiresi yapadera ya polojekitiyo, muwauze mwamseri kuti akonze anthu oipa asanadziwe.

7. Podikira

Mwatumiza, kwakhala chete. Mtima umawawa, makamaka ntchito yanu itaima. Koma tsegulani laisensi ya pulogalamuyo, kaya MIT kapena GPL. Muona kuti inaperekedwa momwe ilili, popanda lonjezo lililonse. Ndipo musayese kuti pulogalamu yodaliridwa ndi anthu ambiri imakhalanso ndi osamalira ambiri. Pamene bowo la Heartbleed linadziwika mu Epulo 2014, dziko linadabwa kumva kuti OpenSSL, imene inkateteza gawo lalikulu la intaneti, inkalandira zopereka za madola a ku America pafupifupi 2,000 okha pachaka.

Nkhani ya xz ndi imene imandikhudza kwambiri. Lasse Collin anasamalira pulogalamu yofinyira mafayiloyi zaka zambiri pafupifupi yekha. Mu 2022 ma akaunti ena anayamba kumupanikiza kuti akuchedwa, zigamba zikungogona, apereke polojekiti kwa wina. Iye anawakumbutsa kuti ntchitoyi amangoichita mwa kufuna kwake, salipidwa. Kenako munthu wodzitcha Jia Tan, amene ankaoneka wothandiza, anapatsidwa mphamvu mu polojekitiyo, ndipo anabisa khomo lolowera mwachinyengo mu ma version 5.6.0 ndi 5.6.1. Andres Freund ndi amene analiulula pa 29 Malichi 2024, ataona kuti kulowa pa SSH, njira yolowera m'kompyuta ina uli kutali, kukuchedwa ndi pafupifupi theka la sekondi. Ofufuza ambiri amakhulupirira kuti ma akaunti opanikiza aja anali mbali ya chiwembucho. Mawu athu okalipa amagwera pa munthu weniweni, ndipo munthu wotopa amapereka makiyi kwa aliyense wobwera ndi nkhope yothandiza. Paja akuluakulu amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakupeza.

Ndiye mukafuna kukumbutsa, dikirani milungu ingapo, ndipo bwerani ndi kanthu m'manja: mwayesa pa version yatsopano ndipo vuto likadalipo, mwachepetsa malamulo oonetsera vutolo, kapena mwayesa chigamba cha wina ndipo chagwira. Kulemba "inenso" kumangotumiza imelo kwa onse popanda chatsopano. Mapolojekiti ena ali ndi loboti yotseka malipoti amene akhala nthawi osakhudzidwa. Ikakufunsani, yankhani motchula version imene mwayesa. Njira yozembera vutolo mukaipeza, ilembeni pomwepo kuti obwera pambuyo panu apepukidwe.

Ngati mungathe kulemba chigamba, werengani kaye `CONTRIBUTING.md`. Chikhale chaching'ono, chokonza chinthu chimodzi, ndipo chibwere ndi test yake. Kuwerenga code ya munthu wina kumadya nthawi, choncho chigamba cha mizere 5 chimalowa msanga kuposa cha mizere 500. Akakupemphani kusintha zina, sinthani. Iwo ndi amene adzatsale nayo code imeneyo inu mutapita. Ndipo kampani imene ikupanga ndalama ndi pulogalamu yotere ili ndi njira yoongoka: ilipire wosamalirayo, kapena ipatule nthawi ya wantchito wake kuti akonze n'kutumiza kugwero.

8. Mukaona kuti polojekiti inagona

Kukhala chaka osatulutsa version si imfa. Mapulogalamu ena anakhwima, safunanso kusinthidwa. Chizindikiro chenicheni ndi pamene zigamba zabwino zikuwunjikana osayankhidwa, mavuto a chitetezo ali chitsegukire, ndipo pulogalamu sikuchitanso compile pa ma distro atsopano. Pamenepo funsani mwaulemu ngati akufuna wothandiza. Debian ili ndi mndandanda wa WNPP, woonetsa maphukusi amasiye ndi amene akufuna owatenga. Fufuzaninso ngati pali fork, kope la polojekitiyo limene ena akulipititsa patsogolo, imene anthu anasamukirako, koma onani kuti akuiyendetsa ndani komanso ngati ma distro aikhulupirira. Kupanga fork yanu n'kololedwa, laisensi imavomereza. Ingodziwani kuti kuyambira tsiku limenelo, madandaulo aja azibwera kwa inu.

Tsiku limene chokonza chatuluka, bwererani ku zimene munalemba zija. Masulani phukusi ndi `apt-mark unhold dzina`, ikani version yatsopano, muyese ndi malamulo omwe aja a m'lipoti. Zikayenda, fufutani kontena kapena venv imene sikufunikanso. Kenako pitani pa lipoti lija, mulembe version imene mwayesa ndi distro yake, munene kuti vutolo latha, mumuthokoze wokonzayo, ndipo ngati munalitsegula ndinu, mulitseke.